Suhaila ndi Madzi a Mtsinje wa Lilongwe

Uyu ndi Suhaila. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Amakhala ku Old Town, pafupi ndi mtsinje wa Lilongwe. Lero akufuna chinthu chimodzi chokha. Akufuna bambo ake abwere.

Bambo ake ndi a Twahir. Ndi atelala. Amasoka zovala mumsika, kutsidya kwa mtsinje. Anapita m'mawa, mvula ikugwa.

Mvula inagwa Lolemba. Inagwa Lachiwiri. Lero Lachitatu ikugwabe.

Suhaila anaima pakhonde. Anayang'ana kumtsinje. Madzi anali ofiira. Madzi ankabangula. Ankatenga matabwa. Ankatenga madengu a tomato. Anatenga ndi mbuzi yakufa.

Kenako anthu anakuwa. "Mlatho wapita!"

Unali mlatho wamitengo. Bambo ake amadutsa pamenepo tsiku lililonse.

Suhaila anathamangira m'nyumba. Anapeza azakhali ake, a Rahima. Azakhali amagwira ntchito yoyeza mvula ku City Centre. Lero sanapite. Minibasi sizikuyenda.

"Azakhali, aimbireni bambo!"

Azakhali anaimba. Foni sinalowe. Anaimbanso. Sinalowe.

Suhaila anayamba kulira. Ku madrasa anamva nkhani ya chigumula. M'nkhaniyo madzi anamiza nyumba. Anamiza mitengo. Anamiza ndi mapiri omwe.

"Chayambanso," anatero Suhaila. "Dziko lonse limira. Ife tilibe chombo."

Azakhali anamukhazika pamiyendo.

"Mtsinjewu ndi woopsa," anatero. "Sindikunamiza. Koma dziko lonse silimira."

"Mwadziwa bwanji?"

Azakhali anamuonetsa chala chachikulu. Analoza pamfundo yoyamba.

"Tinene kuti madzi onse akumwamba agwa lero. Onse, osatsalako. Agwa mofanana padziko lonse. Angalekeze apa."

"Apa pokha?"

"Apa pokha."

"Nanga madzi ena?"

"Ambiri ali m'nyanja zamchere. Ena ndi oundana, kumaiko ozizira. Atasungunuka, nyanja zingakwere. Mizinda ya m'mbali mwa nyanja ingamire. Koma Lilongwe ali pamwamba kwambiri. Phiri la Dedza lili pamwamba kuposa apo. Madzi amene alipo sangakwane."

Suhaila analoza kunja. "Nanga awo achoka kuti?"

Azakhali anatenga thireyi. Anathirapo kapu imodzi ya madzi. Madzi anayala pathireyi ponse. Anali ochepa. Ndiye azakhali anapendeketsa thireyi. Madzi onse anathamangira mbali imodzi.

"Waona? Mvula ya m'midzi yambiri yakumana mumtsinje umodzi. Munthu akaima pamenepo, amaona madzi uku ndi uku. Amati dziko lonse lamira."

Suhaila anapukuta misozi. Koma sanakhutire.

"Ndikufuna ndione ndekha," anatero.

Anatenga choko cha bambo ake. Anapita kumpanda wa kuseri. Azakhali anamugwira dzanja. Madzi anali atafika panjerwa yachitatu. Suhaila analemba mzere.

Anadikira. Mvula inayamba kuchepa.

Mayi wina anadutsa pamsewu. Anasenza matilesi onyowa. Ana ake awiri ankamutsatira. Analibe nsapato. Nyumba yawo inali itagwa. Azakhali anawalowetsa m'nyumba. Suhaila anawapatsa bulangeti lake.

Masana anabwerera kumpanda. Madzi anali pansi pa mzere. Analemba mzere wachiwiri.

Anabweranso nthawi ina. Madzi anali atatsikanso. Analemba mzere wachitatu.

"Azakhali! Akutsika! Madzi akutsika!"

Koma bambo sanabwere. Suhaila anakhala pageti. Anayang'ana munthu aliyense wodutsa. Uyu si bambo. Uyonso si bambo.

Dzuwa litapendeka, anaona munthu wamatope. Matope kumiyendo. Matope kumaso. Ankayenda pang'onopang'ono. Paphewa ananyamula makina osokera.

"Bambo!"

Suhaila anathamanga. Anawakumbatira ndi matope omwewo.

"Ndazungulira ku mlatho waukulu," anatero a Twahir. "Apolisi amaletsa kudutsa mpaka madzi atsike. Foni yagwera m'madzi."

"Nanga shopu, achimwene?" anafunsa azakhali.

A Twahir anapukusa mutu. "Shopu yapita. Nsalu zonse zapita. Ndapulumutsa makina okhawa."

A Twahir anakhala pakhonde.

Suhaila anabweretsa beseni. Anabweretsa sopo ndi jagi.

"Bambo, dziko silimira," anatero. "Madzi ake sangakwane."

"Zoona, mwanangu?"

"Zoona. Ndayeza ndekha."

A Twahir anaika mapazi m'beseni. Suhaila anakweza jagi.

"Thira pang'ono pokha," anatero bambo. "Lero madzi andikwana."

Azakhali anaseka. Ana aja anaseka. Suhaila anaseka, n'kuyamba kusambitsa mapazi a bambo ake.