Mawu a Banja la "Ever"

Mvula ya mu Febuluwale 2007 inamupeza Teleza pasiteji ya minibasi ku Luchenza. Anathawira pakhonde la golosale atakumbatira dikishonale yothothoka chikuto.

"Ena akubisa mafoni, inu mukubisa buku?" anafunsa mnyamata wa malaya oyera yemwe anaima pambali pake.

Teleza anachita manyazi, nabisa zala zake zodetsedwa ndi masamba a tiyi. Ankathyola tiyi pa esiteti ina chakumtunda. Folomu 4 analemba kale, koma Chingerezi chinamugwetsa, ndipo popanda Chingerezi unamwino womwe ankaulakalaka kuchipatala cha mishoni unali maloto chabe.

"Ndikufuna kubwereza mayeso," anayankha motsitsa mawu.

"Ine ndine Elson, ndimaphunzitsa Chingerezi pasukulu ina ya pulaiveti ku Khonjeni. Mawu musamawatole limodzilimodzi ngati nyemba zotayika. Ali ndi mabanja awo, amafanana zilembo. Tandipatsani nambala yanu."

M'mawa mwake, dengu lili kumsana, kafoni ka Teleza kanalira.

"Banja la lero ndi la e-v-e-r. Clever ndi wochenjera. Fever ndi kutentha thupi, komwe ndikukumva chikuonereni dzulo."

Anaseka yekha mpaka akapitawo anacheuka!

Chimwalirire mayi ake, Teleza ankakhala yekha m'kachipinda ka kumalaini a antchito a pa esiteti. Ndani ankamufunsa kuti wadzuka bwanji? Tsopano m'mawa uliwonse uthenga unkabwera, ndipo "inu" uja anasanduka "iwe".

"Dear ndiwe, duwa langa. Near ndi pafupi. Fear ndi mantha. Tear ndi msozi, umene sudzaukhetsa ine ndili moyo."

Elson ankabwera Lamlungu masana, Loweruka ankati ali ku Sabata. Ankakhala naye pamwala m'mphepete mwa munda wa tiyi, n'kumamulembera m'kope ndi cholembera chofiira: "Wherever, kulikonse ungapite. Whenever, nthawi iliyonse ungandifune. Forever, mpaka muyaya."

"Nanga kwa amalume anga ku Chimaliro mudzapita liti kukafunsira, a Elson?"

"Ukangokhoza mayeso, wapamtima wanga. Ndikulonjeza."

Pofika Ogasiti anayamba kudumpha masabata. "Ndapanikizika ndi kuchonga," ankatero. Teleza ankaphika ndiwo za anthu awiri, n'kudya yekha, maso ali kunjira. Kodi analakwa chiyani? Koma uthenga ukangolira, mtima unkakhalanso pansi.

Tsiku la mayeso a Chingerezi, mu Okutobala, anafika msanga pasukulu yolembera. Pansi pa mtengo wa mango panakhala mtsikana woyembekezera, akudzipepesa mphepo ndi kope.

"Achemwali, khalani apa tifunsane mawu. Ine ndine Rhoda, nanenso ndikubwereza. Fever?"

"Kutentha thupi."

"Eya! Nanga tear?"

"Msozi."

"Koma inu ndiye mwakonzeka! Taonani mmene anandisanjira ine, m'mabanja m'mabanja."

Rhoda anatsegula kope lake. Inki yofiira. Zilembo zopendekera kumanja zomwezo. "Whenever, nthawi iliyonse ungandifune."

M'makutu mwa Teleza munalira mluzu.

"Anakulemberani ndani?"

"Bambo a mwanayu," anatero Rhoda akusisita mimba. "A Elson, aphunzitsi a ku Khonjeni. Chinkhoswe tinapanga mu Ogasiti. Amati ine ndine duwa lawo. Amuna enatu, mawu ngati uchi!" Anaseka. "Bwanji, achemwali? Mwadwala?"

Teleza anayang'ana mimba ija, anayang'ananso mapazi otupa a Rhoda. Amuuze? Patatsala mphindi khumi kuti alowe m'mayeso? Analowetsa kope lake pansi penipeni pa chikwama.

"Ndi mantha chabe," anatero.

Belu linalira. M'holo, mphindi zoyambirira sankaona n'komwe mafunso, misozi inkadontha papepala. Kenako anakumbukira mame a m'bandakucha ndi dengu lija lomwe linamutupitsa mapewa zaka zitatu. Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, nalemba mpaka woyang'anira mayeso anati aike zolembera pansi.

Potuluka, Rhoda anamugwira dzanja. "Bwerani muwaone, abwera kudzanditenga!"

Elson anali pageti, atatsamira njinga. Atawaona awiriwo ali limodzi, kumwetulira kunamuthera pakamwa.

"Mwaswera bwanji, aphunzitsi?" anatero Teleza, atapinda mawondo pang'ono.

"Nda... ndaswera."

"Aa! Mukudziwana?" anafunsa Rhoda mokondwa.

"Anandiphunzitsako Chingerezi," anayankha Teleza. "Muwasamale mayiwa, aphunzitsi. Msewu wa ku Khonjeni ndi wamabampu."

Rhoda anakwera pakaliyala, nagwira mwamuna wake m'chiuno, dzanja lina akubayibitsa. Elson sanacheuke.

Teleza sanakwere kabaza. Anayenda wapansi kudutsa m'minda ya tiyi, dzuwa likuswa mtengo. Ali pakatikati, foni inalira.

"Duwa langa, ndilole ndikufotokozere."

Anaima, nawerenga kawiri. Anazimitsa foniyo, nakhala pansi pakati pa mizere ya tiyi pomwe palibe akanamuona, ndipo analira mokweza ngati tsiku lomwe anaika mayi ake m'manda.

Dzuwa litapendeka anadzuka, nasasa fumbi pachitenje. Mawa kunali pepala la Bayoloje, ndipo anali asanawerenge.