Sampa ndi Atate pa Mzere wa Saladi

Sampa ankakhala ku Chawama.
Atate ake anali msilikali.
Ankagwira ntchito kutali, kumalire a dziko.
Sampa anali ndi nkhani zambiri zoti awauze.
Ankazisunga mumtima.
Ankazilota ngakhale masana.

Tsiku lina Atate anabwera pa tchuthi.
Nsapato zawo zinkalira gu, gu, gu!
Sampa anathamanga. Anawakumbatira miyendo.

"Ba Tata, mverani! Dzino langa..."

"Odi!"

Anali a Goliati, a nyumba yoyandikana nayo.
"Ba soja, mwabwera! Tiuzeni va kumalire."
A Goliati anakhala pampando.
Anakhala, nakhala, nakhalabe.
Sampa anadikira mpaka dzuwa linalowa.

M'mawa mwake Sampa anadzuka msanga.
"Ba Tata, mverani! Kusukulu..."

"Odi!"

Anali amayi aang'ono, a Kasoma a ku Mandevu.
"Ba mulamu, mwanenepa! Mwatibweretsera chani? Kwathu sopo kulibe. Shuga kulibe."
Atate anaseka. A Kasoma anaseka.
Sampa sanaseke.

Tsiku lotsatira Sampa anayesanso.
"Ba Tata, mverani..."

"Odi!"

Anali anthu a kutchalitchi.
Anaimba. Kenako anapemphera.
Sampa anatsegula diso limodzi.
Anali akupempherabe.
Anatsegula diso linalo.
Anali akupempherabe!

Sampa anapita kwa Amayi. Tsaya linali litatupa.
"Ba Mayo, ba Tata ni banga, kapena ni ba Chawama yonse?"
"Iwe, tsitsa mawu," anatero Amayi. "Alendo angamve."

Amayi anachapa yunifomu ya Atate.
Anaiyanika. Anaisita.
Sampa anadziwa tanthauzo lake.
Tchuthi chinali pafupi kutha.
Nkhani zake zonse zinali zikadali mumtima.

Kenako kunja kunamveka phokoso.
"Saladi! Saladi yabwera kusitolo!"
Saladi ndi mafuta ophikira.
Masiku amenewo inkasowa kwambiri.
Ikabwera, aliyense ankathamanga ndi botolo.

Amayi anatola botolo lawo. Anaitana Atate.
"Bashi Sampa, valani yunifomu. Soja saima pa mzere. Mubwera nayo pompano."
Atate anavala. Anavalanso chipewa.
"Botolo ninyamula ndine!" anatero Sampa.

Mzere unali wautali.
Unayambira pakhomo la sitolo.
Unakhota pa msika.
Unakathera pansi pa mtengo wa mango.

Sampa anayang'ana uku ndi uku.
Panalibe chitseko. Panalibe mpando wa alendo.
Apa palibe amene angati odi!
Mtima wake unavina.

"Ba Tata, mverani! Dzino langa..."

"Ba soja!"

Anali a Moven, mlonda wa pasitolo.
"Muchita chani kumbuyo kuno? Bwerani kutsogolo, bwana."
Anthu anayamba kupatuka.
"Pitani, ba soja. Pitani."
Atate anakweza phazi.

"Iyayi!" anakuwa Sampa.
Anamenya phazi pansi. Fumbi linati bu!
Anthu onse anacheuka.

Atate anagwada. Anamuyang'ana m'maso.
"Nanga bwanji, mayo?"

"Mukapita kutsogolo, tibwerera msanga," anatero Sampa.
"Kunyumba ni odi, odi, odi!
Ba Goliati mwabamvera.
Ba Kasoma mwabamvera.
Ine simunanimvere.
Manje muzapita futi kumalire!"

Misozi inagwera pa botolo.


Atate anayang'ana khomo la sitolo.
Anayang'ana Sampa.
Kenako anavula chipewa chawo.
Anamuveka Sampa. Chinamufika m'makutu.

"Ba Moven, zikomo," anatero Atate. "Lero bwana wanga ni uyu. Walamula kuti tiime pano."
A Moven anapukusa mutu.
"Izatha saladi, ba soja!"
"Tamva," anatero Atate.

Mayi wina wa kutsogolo kwawo anaseka.
"Kamba, mwana. Na ise tifuna kumva."

Sampa anapukuta misozi. Anayamba.
Anawauza za dzino lomwe linaguluka.
Anawaonetsa mpata wake.
"Kenako?" anafunsa Atate.

Anawauza za kusukulu.
Tsopano ankawerenga yekha, osagwira ndi chala.
"Kenako?" anafunsa Atate.

Anawauza za mvula yomwe inalowa m'nyumba.
Nsapato za Amayi zinayandama ngati mabwato.
Atate anaseka mpaka kugwira m'mimba.
"Kenako?"

Mzere unkayenda pang'ono pang'ono.
Sampa ankafuna uyende pang'ono kuposa apo.
Dzuwa linawotcha. Miyendo inatopa.
Pakamwa pa Sampa sipanatope.

Anafika pafupi ndi khomo.
Chitseko chinati phwa!
"Yatha!" anakuwa a Moven. "Saladi yatha!"

Atate ndi Sampa anayang'anana.
"Mayo ine," anatero Atate. "Amako!"

Amayi anali pakhomo, manja m'chiuno.
Anatenga botolo. Analizondotsa.
Silinadonthe ngakhale kadontho.

"Soja wathunthu! Yunifomu nasita ndine! Botolo lilibe kanthu?"
"Bwana anakana," anatero Atate.
Analoza Sampa.
"Anali na nkhani zambiri. Kunyumba kuno analibe mpata."

Amayi anayang'ana Sampa.
Anaona chipewa chachikulu.
Anaona mano akumwetulira, ndi mpata pakati.
Anayesa kukwiya. Analephera.

"Imwe anthu awiri muzanipha," anatero Amayi.
"Chabwino. Lero tidya ndiwo zotendera.
Namva kuti mawa kubwera shuga.
Mzere wake ni wautali kupambana wa lero."

"Wautali maningi?" anafunsa Sampa.
"Maningi. Mupite nonse. Yunifomu muisiye."

Sampa analumpha. Chipewa chinagwa.
Anakokera Atate pa mphasa.
"Ba Tata, ya mphaka wa ba Goliati sininakambe!"

Amayi anabweretsa mtondo ndi nshawa.
Anakhala pambali pawo.
"Sendera uko," anatero. "Iyo na ine sininaimve."