Njuchi Zinakwera Mtunda Cham'mbuyo

Chaka chimenecho maluwa anauma msanga, ndipo njuchi za Nanjuchi zinayamba kufa ndi njala. Dzinali anam'patsa ndi anthu ogula uchi, ndipo linamukakamira. Atamva kuti kutsidya kwa chigwa chachikulu mitengo ya m'nkhalango yachita maluwa, anaganiza zosamutsira ming'oma yake kumeneko.

Mwamuna wake anali chigonere ndi mwendo wothyoka. Choncho ananyamuka ndi mlamu wake Magiya, mwini galimoto yakale yokoka ndi matayala onse anayi, komanso apongozi ake aamuna, omwe pa unyamata wawo anali mlenje ndipo njira ankaidziwa. M'bandakucha anatseka makomo a ming'oma ndi waya wa sefa n'kuimangirira kumbuyo kwa galimoto.

"Tikafike dzuwa lisanafike paliwombo," anatero Nanjuchi. "Zikatenthedwa m'menemo, phula lisungunuka, zifa zonse."

"Musade nkhawa, alamu. Galimoto iyi tchire imalidziwa kuposa bambo awa."

"Yendetsa, pakamwa pakeko upumitse," anayankha apongozi.

Anawoloka mtsinje madzi akulekeza m'zitseko, n'kulowa m'chigwa cha udzu wautali. Posakhalitsa kumbuyo kunayamba kumveka kulira kotsika.

"Njuchi zanu zakwiya, alamu."

Nanjuchi anatchera khutu. "Zanga sizilira choncho. Izo ndi zanu."

Kulirako kunasanduka kukukuta. Akutsikira m'khwawa louma la mchenga, panamveka phokoso ngati nyundo yagwera pamwala. Matayala akumbuyo anakana kuzungulira, galimoto inakhwekhwereza n'kuima.

Magiya analowa pansi pa galimoto. Anakhudza difu, chibumi chachitsulo chija chapakati pa matayala akumbuyo, n'kubweza dzanja msanga. Atamasula bawuti yotulutsira oilo, munatuluka zinthu zotuwa ngati tiyi wamkaka, kenako kachidutswa ka dzino la giya.

"Kapaipi kopumira kanaduka," anatero ali chagada. "Madzi akhala akulowa nthawi iliyonse ndikawoloka mtsinje. Mano a magiya am'kati aphwanyika."

"Ndiye tagona pano?" anafunsa Nanjuchi.

"Ayi. Ndichotsa shafuti yaitali yopita kumbuyo, ndisololenso mashafuti a m'matayala kuti azingozungulira okha. Tiyenda ndi akutsogolo. Mundipatse sipanala ndi nthawi."

Nthawi ndi imene analibe. Dzuwa linakwera, ming'oma inayamba kutentha. Nanjuchi anaifunditsa masaka n'kuwawaza madzi awo akumwa, kusiya otsukira kukhosi okha. Apongozi anayenda pang'ono m'khwawamo, ndipo anabwerera nkhope itasintha.

"Maenje awa mumchengamu akumba ndi njovu. Pano m'pomwera pawo, ndipo ndowe zawo n'zadzulo. Kukatentha zibwera."

Magiya anasolola mashafuti a m'matayala, mabowo n'kutsekamo nsanza. Koma pa shafuti yaitali bawuti imodzi inali itadya dzimbiri. Anali akulimbana nayo, miyendo yokha ili kunja, pamene nthambi inathyoka kumtunda kwa khwawa.

Njovu zinatulukira pokhota, mwakachetechete ngati mitambo. Patsogolo panali yaikazi yaikulu, kamwana kali m'miyendo mwake. Itaona galimoto inaima, inakweza chitamba, n'kutambasula makutu.

"Wina asathamange," ananong'ona apongozi. "Iwe pansipo, usagwedezeke."

Njovu ija inaponya mchenga ndi phazi n'kuyamba kusendera. Mfuti analibe, ndipo galimoto sikanatha kuyenda. Nanjuchi anayang'ana ming'oma yake. Anamasula wakumapeto, womwe unali wamphamvu kuposa yonse, anaukumbatira n'kuyenda nawo molunjika kwa chinyamacho.

"Amayi, bwererani," anatero apongozi.

Nanjuchi anautula pamchenga, anazula sefa, anakankha chivundikiro ndi phazi, n'kudzigwetsa chafufumimba atafunda nsalu kumutu. Njuchi zomwe zinali zitapsa mtima ndi kutentha zinatuluka ngati utsi wakuda. Njovu inapukusa mutu, inakupiza makutu, inalira kamodzi, kenako inatembenuka ikukankha mwana wake ndi chitamba. Gulu lonse linaitsatira likuthyola tchire.

Njuchi zotsala zinapeza Magiya. Pansi pa galimoto panamveka mawu osayenera kunena pamaso pa bambo ako, ndipo mwa ukali womwewo bawuti ija inamasuka, shafuti n'kuchoka.

Onse anathawira m'galimoto n'kutseka magalasi. Aliyense anayamba kuzula mbola. Kenako apongozi anayamba kuseka, mapewa akugwedezeka.

"Ndasaka zaka zanga zonse, koma mfuti yotere sindinaionepo."

Mng'oma uja anausiya pomwepo, poti panalibe woyerekeza kuuyandikira. Magiya analowetsa giya yokokera ndi akutsogolo, ndipo galimoto inayenda. Koma pa mtunda wotulukira m'khwawa, matayala akutsogolo anangokanda dothi, chifukwa katundu yense ankalemera kumbuyo. Anayesanso, inabwerera yokha.

"Tembenuza," anatero Nanjuchi. "Ine ndikasenza chidebe pamtunda, mwendo wapansi ndi umene umaponda zolimba."

Magiya anamuyang'ana ndi diso limodzi, linalo litatsekeka ndi kutupa. Anatembenuza galimoto n'kuyamba kukwera cham'mbuyo, apongozi akuyenda pambali kumulozera. Kulemera kunatsamira pa matayala okoka. Anagwira, anaterereka pang'ono, anagwiranso, mpaka ming'oma inatulukira pamwamba, nkhalango ikuoneka poteropo.

Anafika dzuwa litapendeka. Pansi pa mitengo yonunkhira maluwa, Nanjuchi anatsegula ming'oma umodzi umodzi, akuika khutu pa uliwonse. Yonse inali yamoyo. Anakhala pansi n'kumayang'ana njuchi zikuzungulira kuphunzira malo atsopano, ndipo apongozi anam'patsa madzi otsala aja kuti amalize yekha.

Pobwerera mawa lake anadzera njira yaitali yokhala ndi mlatho. Kunyumba, mwamuna wa Nanjuchi anatuluka pa ndodo zake, anayang'ana nkhope ya mng'ono wake n'kufunsa mkazi wake kuti mlendoyu ndi ndani.

Magiya sanadikire nkomwe kusamba. Anakokera beseni pansi pa galimoto n'kumasula bawuti ya difu yakutsogolo, imene inawatulutsa m'khwawa n'kuwabweretsa kwawo. Munatuluka tiyi wamkaka yemweyo, muli tizitsulo tonyezimira.

Anakhala pansi n'kuitana onse kuti adzaone.

"Ikanatha kuyenda mtunda wautali bwanji?" anafunsa Nanjuchi.

"Mwina mpaka pageti apo, alamu. Mwinanso osafika."

Apongozi anasuzumira m'besenimo nthawi yaitali, kenako anavula chipewa n'kukhala pakhonde.

"Tenga paipi yatsopano, uimange pamwamba pomwe madzi safika," anatero. "Uchi ukapsa tibwererako. Koma ine ndidzakhala kumbuyo, pafupi ndi ming'oma."