Matumba Ofunda a kwa Zimba

Towela atapisa dzanja m'thumba loyamba la mtedza, anamva kufunda ngati pansi pa nkhuku yofungatira mazira. Anamasula lachiwiri, kenako lachitatu, nkhani yomweyo. Mtedza wouma sufunda, ndipo sununkha ngati bulangete lonyowa.

Anali atachokapo masiku anayi okha. Monga wapampando wa gulu la alimi makumi anayi a ku Kapichila, anapita ku boma ku Lundazi kukamaliza za galimoto yonyamula mtedza wawo. Gululo linavutika zaka zitatu kuti lipeze wogula wa kunja kwa dziko, ndipo munthuyo ananena mosapsatira. Mtedza ukayezedwa, thumba limodzi likapezeka ndi chuku, nkhungu ija yowononga chiwindi, katundu yense abwerera ndipo iye akagula kumaiko ena. Galimotoyo inali kubwera mawa lake.

Pakhonde panakhala apongozi ake, aNyaBanda, mayi a mwamuna wake Enos Zimba. Pambali pawo panali mulu wa makoko ndi chidebe cha madzi.

"Amama, kodi nshawa izi munazithila madzi poswa?" anafunsa Towela atagwada, akuloza mtedzawo.

"Nanga nizaswa bwanji zouma gwa? Ona zala zanga," anatero aNyaBanda, akutambasula manja otupa m'mfundo. "Nakuswela matumba khumi na awili iwe uli ku boma, kumwa tiyi na azungu ako. M'malo mwa yewo, wabwela na mafunso."

Zoona ziyenera kunenedwa: mayiwo sanachite mwankhanza. Chiyambire utsikana wawo ankawaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe, ndipo mudzi wonse unkatero. Kungoti kale ankaswa wa m'lichero lodya tsiku lomwelo. Uwu anausokera m'matumba uli wonyowa.

Enos anafika dzuwa likupendeka, natsamiritsa njinga pamtengo wa mango. Iye mwini anakhalapo pa maphunziro a gulu, anaona ndi maso ake zithunzi za chiwindi chotupa. Atapisa dzanja m'thumba anatseka chitseko cha nyumba yosungiramo katundu.

"Amake Watipaso, mvela," anatero motsitsa mawu, akuitana Towela ndi dzina la mwana wawo. "Matumba a gulu ni ambili. Athu tiike pakati. Sangayeze onse."

"Akayeza limodzi mwa athu, mabanja fote agwa chifukwa cha ise. Ndipo akapanda kuyeza, azadya ni ana a anthu ena."

"Manje ufuna mudzi wonse uziti amama anaoletsa nshawa? Munthu wamkulu, wamasiye, umuvule pa anthu?"

"Sinizatchula dzina lawo. Nizangoti matumba a kwa Zimba sakwela."

"Ni chimodzimodzi. Onse anawaona akuswa." Enos anamuloza chala, chinthu chomwe anali asanachitepo pa zaka zisanu za ukwati wawo. "Ukawasiya matumba aya mailo galimoto ikabwela, utenge chola ubwelele kwanu. Koma mwana usiye. Ng'ombe za malowolo zinapita kwanu, Watipaso ni wa kuno."

Anatuluka n'kumenyetsa chitseko mpaka fumbi linayoyoka kudenga. Towela anakhala pa thumba lofundalo nalira. Ankadziwa kuti Enos sanali kungoopseza. Kwa Zimba mwana amatsala kwa bambo, ndipo Watipaso anali ndi zaka ziwiri zokha.

Kutacha kumwamba kunali mitambo yotuwa, mphepo ya mwezi wa Juni ikuulutsa makoko pabwalo. Galimoto inaima pasukulu, alimi akukweza katundu wawo. Enos anali atamanga kale ng'ombe pa ngolo. Towela anamusiya pomwepo, nayenda yekha kupita kusukuluko. Atafika anaima pamaso pa gulu lonse.

"Matumba a nyumba yanga sapita," anatero. "Ananyowa. Mlandu ni wanga, sininasiye malangizo bwino."

Azimayi awiri anayang'anizana, ndipo khoswe akakhala pamkhate sapheka: aliyense anadziwa yemwe anaswa mtedzawo, koma panalibe wotchula dzina la mayi wamkulu. Nkhani inafika kwa Zimba Towela asanafike.

Anapeza chola chake chili pakhomo. Enos anaima pambali pa ngolo, nkhope ili gwa. ANyaBanda anali atakhala pa mphasa, Watipaso ali pamiyendo pawo, mbale ya phala ili m'manja. Pafupi panali mtondo, ndi thumba limodzi lotsegula.

"Akuti nshawa zanga ni poizoni," anatero mayiwo mokweza kuti oyandikana nawo amve. "Ine nalela ana asanu na awili na nsinjilo. Azungu akakana, mdzukulu wanga azadya. Iwe mkamwana, nyamula chola. Uyu nizamulela ine."

"Amama, chonde," anachonderera Towela, misozi ikutsika. "Nitukwaneni, nipitikitseni, koma phala ilo osamupatsa."

"Pano ulibe mawu."

Towela anatembenukira kwa mwamuna wake. "Atate ake Watipaso, dzulo munati tiwaike pakati, azadya ni anthu akutali. Lelo wakudya ni uyo."

ANyaBanda anatunga phala ndi supuni, naliuzira ndi pakamwa kuti lizizire. Mwanayo anayasama, akumwetulira agogo ake. Supuni itatsala pang'ono kufika, Enos anadumpha n'kugwira dzanja la mayi ake. Mbale inagwa, phala linamwazikira pa mphasa, Watipaso anayamba kulira.

ANyaBanda anayang'ana dzanja la mwana wawo lomwe linagwirabe mkono wawo.

"Kansi nawenso udziwa kuti n'zoipa," anatero pang'onopang'ono. "Unadziwa dzulo, koma unanileka nitukwane mwana wa eni."

Mayiwo anaika mdzukulu pansi, anadzuka movutikira, nalowa m'nyumba mwawo n'kumenyetsa chitseko. Mkatimo munamveka kulira kwa munthu wamkulu, kulira kwa manyazi.

Kumsewu galimoto inadutsa itadzaza, ikulowera cha ku Chipata, yopanda thumba ngakhale limodzi la kwa Zimba. Chaka chonse cha thukuta lawo chinatsala pabwalo. Towela ananyamula mwana wake, nam'bereka kumbuyo, namanga chitenje mfundo ziwiri. Enos anatola chola chija mwakachetechete kuti achibwezere m'nyumba.

"Chisiyeni pomwepo," anatero Towela. "Poyamba kumbani dzenje lokwililamo matumba aya. Mukatsiliza, mukagogode kwa amama. Za chola tizakamba pambuyo."

Enos anachiika pansi, napita kukatenga khasu.