Padi ya Amayi

Pa tebulo la pabalaza pali mapadi anayi oseweretsera magemu pa kompyuta, onse ali mbuu ndi fumbi. Bambo a m'nyumbamo akawayang'ana amaona tebulo lomwelo kale, ana atatu akulimbirana mpando, mayi awo akuseka mpaka misozi.

Mapadiwo anabwera nawo okha kuchokera kutali komwe ankagwira ntchito. Anawalumikiza mofatsa kuti kompyuta idziwe mwini wa iliyonse: yoyamba ya chisamba, yachiwiri ya mlongo wake, yachitatu ya mzime. Yachinayi, yopanda chingwe, anapatsa akazi awo.

"Ine zala zangazi n'zochapira, bambo a ana," mayi anaseka.

"Inu batani lanu ndi limodzi, lapakatili. Mukalidina, gemu iima. Ndiye belu lanu."

Zinkaterodi. Nthawi ya chakudya kapena ya pemphero ikakwana, mpira unkangouma m'malere pa sikirini, ana n'kudzuka akung'ung'udza.

Bambo atabwerera ku ntchito, mayi anadwala mphumu, mawu n'kutsala onong'ona. Padi ija ankagona nayo pa pilo. Ang'ono awiri akapita kusukulu, wowayang'anira anali chisamba.

Tsiku lina gemu inaima mnzake wa chisamba, wotchedwa Chala, ali pafupi kugoletsa.

"Aise, nawenso!" anatero Chala. "Mwamuna wamkulu kumazimitsidwa ngati wailesi? Lowa mosinthira mapadimo, uichotse yachinayiyo. Tikatha uibwezera."

"Nanga akafuna madzi?"

"Madzi sathawa."

Anaichotsa. Tsikulo anaibwezeradi, mawa lakenso. Kenako ulesi unamugwira.

"Mwanangu," mayi ananong'ona, "lero ndadina mpaka chala kuwawa."

"Ndi mabatire, amayi."

"Mabatire amagulidwa. Nanga khutu lako likatha moto, ndikagula kuti lina?"

Chisamba anayang'ana pansi, koma atabwerera pa tebulo anangopitiriza gemu.

Masana ena mlongo wake pobwera kusukulu anamupeza akulumpha, akukuwa chigoli. Mtsikanayo anapitirira kuchipinda. Kampope ka mankhwala a mphumu kanali katagwera pansi pa bedi, patali ndi mkono. Mayi anali phee, padi ili m'manja, chala chili pa batani, kanyale kake kakuphethira kufunafuna kompyuta imene inali itaiiwala. Pakati pa mayi ndi mwana panali khoma limodzi lokha.

Mnzake uja Chala sanabwere ndi kumaliro komwe. Mwambo utatha, bambo anayatsa kompyuta, napeza ikudziwa mapadi atatu. Sanamenye munthu. Anangofunsa kuti, "Yachinayi ili kuti?" Sabata isanathe chisamba anachoka, ndipo mpaka lero akaimba foni amangopuma, n'kudula. Ang'ono aja anakulira kwa azakhali awo, dzina la mchimwene wawo salitchula.

Bambo anasiya ntchito, nabwerera kudzakhala m'nyumba yopanda mawu. Padi ya akazi awo anaibwezera pamalo pake. Nthawi zina amalidina batani lija, koma palibe gemu yoti iime, palibe mwana woti adzuke.

Aliyense wowachezera amamupempha chinthu chimodzi: "Ndilembereniko nkhaniyi, ana akaiwerenge. Mulembe poyera kuti wotseka njira imene kholo limamuitanira, adzakumva kuitanako moyo wake wonse, woti amuyankhe atapita."