Malungo a Lolemba

Japhet atamva "odi" pakhomo, anakankhira nsapato za mpira kunsi kwa bedi n'kufunda bulangeti mpaka m'khosi. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo kachipinda kake ku Matawale kanali kotentha ngati uvuni.

M'mawa anali atatumiza uthenga kwa akapitawo kuti wadwala malungo. Ntchito yake inali yokhala pa nsanja pamwamba pa Phiri la Zomba, kuyang'anira moto m'nkhalango ya paini. Koma tsiku limenelo timu yake inali ndi mpira ku Malosa. Kujomba kotereku anyamata a kuntchito ankakutcha malungo a Lolemba, ndipo ankangoseka.

"Lowani," anatero ndi mawu ofooka.

Inayamba kulowa ndi ndodo, kenako mayi Mwanaidi, akazi awo a Lajabu, bambo wachikulire amene ankasinthana naye pa nsanja. Maso onse awiri a mayiwo anali ndi ng'ala. Ananyamula kabakuli kokulunga m'nsalu.

"Uli pati, mwananga? Yankhula ndikupeze."

"Ndili pano, amayi. Mwabwera nokha?"

"Msewu ndimaudziwa ndi mapazi. Nditamva kuti wagona, mtima sunakhale m'malo. Mwana wopanda mayi, amuphikira ndani? Nali phala la mpunga."

Anakhala pansi pafupi ndi bedi, akupumira m'mwamba. Mapazi awo anali mbuu ndi fumbi.

"A Lajabu ali kuti? Lero si tsiku lawo lopuma?" anafunsa Japhet.

"Linali. Koma akapitawo anafika m'mamawa, akuti mwezi wa moto uno nsanja singakhale yopanda munthu. Ndiye akwera."

Apa m'pamene Japhet anakumbukira. Kwa milungu iwiri a Lajabu ankangonena za Lolemba limeneli.

"Nanga kuchipatala? Madokotala a maso aja?"

"Abwera lero. Koma salandira munthu wopita yekha. Akakumanga maso ukatha opaleshoni, pamafunika wokugwira dzanja pobwerera. Akuti adzabweranso mu Januwale." Anaseka pang'ono. "Ine ndinawauza abambo ako kuti kwerani, maso adikira. Mwana asafe ndi malungo pa nsanja."

Anafufuza chipumi chake ndi dzanja.

"Thupi lazizira. Tithokoze Mulungu."

Kenako anawerama kuti aike kabakuli kunsi kwa bedi, ntchentche zingaterepo. Dzanja lawo linakhudza nsapato. Anaikoka, n'kuyendetsa zala pansi pake. Panali udzu wauwisi wa pabwalo lothiriridwa, ndipo m'kati munali monyowa ndi thukuta.

Anafufuza inzake, n'kuziika pamodzi bwinobwino.

"Mwawina?"

"Amayi, ine..."

"Ndafunsa kuti mwawina?"

"Ayi. Tagonja."

"Idya phala, lingazizire."

Anadzuka movutikira, n'kufufuza chitseko ndi ndodo. Japhet anataya bulangeti nawagwira mkono.

"Ndikuperekezeni, amayi."

Anachotsa dzanja lake mwaulemu.

"Wodwala asayende padzuwa."

Japhet anawatsatirabe, mapazi khumi m'mbuyo. Anawaona akupunthwa pa mwala pafupi ndi mlatho. Anawaona ataima nthawi yaitali m'mbali mwa msewu, akumvetsera magalimoto asanawoloke. Sanacheuke ngakhale kamodzi, koma iye ankadziwa kuti akumumva.

Atalowa m'nyumba mwawo m'tsinde mwa phiri, Japhet sanabwerere ku Matawale. Anatenga njira yokwera. Anadutsa amayi ogulitsa zipatso osawayankha moni, nalowa m'mapaini.

Ali chapatali anawaona a Lajabu pamwamba pa nsanja, dzanja lili pachipumi, akuyang'ana utsi kumbali zonse.

"Japhet! Wadzukiranji iwe? Bwerera ukagone!" anafuula mkuluyo.

Japhet anagwira makwerero. Anayamba kukwera.