Phwiti ndi Poto Wosowa

Uyu ndi Phwiti. Ndi kamtsikana kakang'ono. Sakhazikika. Ali apa, ali apo, ngati kambalame. N'chifukwa chake amamutchula kuti Phwiti.

Loweruka lina, Phwiti anakwera lole ya abambo ake. Amayi anakwera. Mlongo wake wamng'ono, Kamimba, anakweranso. Katundu yense anali kumbuyo. Ankasamukira ku nyumba ina.

Ulendo unatalika. Dzuwa linalowa. Anafika kutada.

Msewu unali wachilendo. Geti linali lachilendo. Galu wachilendo anauwa kutsidya.

"Tafika," anatero Abambo.

Amayi anatsekula chitseko. Anayatsa getsi. Babu linali limodzi lokha. M'nyumba munalibe kanthu. Munkangomveka fungo la penti.

"Odi!" anakuwa Kamimba.

"Odi!" chinayankha chipinda.

Kamimba anathawira kumbuyo kwa Amayi.

Anayamba kutsitsa katundu. Abambo ananyamula zolemera. Amayi ananyamula zosweka. Phwiti ananyamula zopepuka. Kamimba ananyamula nsapato imodzi, n'kunena kuti watopa. Anakhala pa mtolo wa mabulangete.

Makatoni apa. Makatoni apo. Makatoni mpaka pazenera.

Phwiti ankafuna chinthu chimodzi chokha.

Loweruka lililonse madzulo, kwawo amaphika limodzi. Abambo amadula anyezi. Amayi amatakasa. Phwiti amatsuka mpunga. Kamimba amalawa. Kenako onse amadya pamodzi.

Koma mawa lake Abambo ankanyamuka ndi lole. Ankapita kutali. Ulendo wake unali wokhalitsa. Akapanda kudya limodzi lero, ndiye kuti mpaka Abambo adzabwere.

Amayi anakhala pa katoni. Anatulutsa buledi m'chikwama.

"Tatopa tonse," anatero Amayi. "Tingodya buledi, tigone."

"Buledi yekha?" anafunsa Kamimba.

"Ayi, Amayi," anatero Phwiti. "Lero ndi Loweruka."

"Ndikudziwa, mwanangu. Koma abambo ako agone msanga. Dalaivala wa tulo ndi ngozi pamsewu."

"Tiphika mwachangu, Amayi. Chonde."

Amayi anayang'ana makatoni onse aja. Anapuma mozama.

"Chabwino. Chitofu ndi icho pakhomopo. Gasi alimo. Ukapeza poto abambo ako asanayambe kuwodzera, tiphika."

"Poto alipo," anatero Abambo. "Ndinalongedza ndekha."

"Ali kuti nanga, bambo a Phwiti?"

Abambo anakanda mutu.

"Ali mkati."

"Mkati mwa chiyani?"

"Mwa kanthu kena kake."

"Taonani anthuni!" anatero Amayi.

Abambo amalongedza katundu m'lole tsiku ndi tsiku. Iwo sasiya malo opanda kanthu. Chaching'ono amachilowetsa m'chachikulu. Chachikulu amachilowetsa m'chachikulu kwambiri. Katundu wa m'nyumba anamulongedzanso choncho.

Phwiti anatsekula katoni yoyamba. Munali mapilo. Poto munalibe.

Anatsekula katoni ina. Munali mabuku ndi ambulera. Poto munalibe.

Anathamangira katoni ya pakona. Anapunthwa pa jombo ya Abambo. Jombo inagwa. Inalira kuti ngwe, ngwe, ngwe!

Phwiti anaima. Jombo silira choncho.

"Mkati muli chiyani?"

Anapisa dzanja. Masupuni!

Anatenga jombo inayo.

"Mkati muli chiyani?"

Anaikhuthula. Mpeni, wokulunga bwinobwino m'nyuzipepala!

"Eya, ndakumbuka," anatero Abambo. "Munali malo."

Tsopano Phwiti anamvetsa.

"Musayang'ane pamwamba," anatero. "Yang'anani mkati!"

Anapeza ketulo. Anaigwedeza.

"Mkati muli chiyani?"

Machesi ndi mchere!

Anapeza ndowa. Anachotsa tawulo pamwamba.

"Mkati muli chiyani?"

Matimati ndi botolo la mafuta!

Anapeza chipewa cha Amayi. Chinali cholemera.

"Mkati muli chiyani?"

Anyezi!

"Chipewa changa chatsopano!" anakuwa Amayi. "Bambo a Phwiti, anyezi m'chipewa changa?"

"Munali malo," anatero Abambo motsitsa mawu.

"M'chipewa chanu munalibe malo?"

"Munali mutu wanga."

Kamimba anaseka mpaka kutsokomola.

Phwiti anapeza thumba la mpunga. Anapisa dzanja. Anakhudza chinthu chosalala. Anakhudzanso china.

Mazira! Anali mkati mwa mpunga. Palibe limene linasweka.

"Mwaona?" anatero Abambo. "Ndi ukatswiri umenewo."

"Ukatswiri wopanda poto," anatero Amayi.

Mbale zinali mkati mwa zovala. Makapu anali m'beseni. Phwiti anaziika zonse pambali pa chitofu. Mpunga ulipo. Mazira alipo. Anyezi alipo. Machesi alipo.

Poto palibe.

Phwiti anayang'ana m'sutikesi. Munalibe. Anayang'ana kuseri kwa chitseko. Kunalibe. Anatenga tochi, napita ndi Amayi ku lole. M'lole munalibe kanthu.

Atabwerera, anapeza Abambo atakhala pa matiresi. Anali atavula nsapato. Anayasamula.

"Haaa!"

Mutu wa Abambo unayamba kugwa pang'onopang'ono. Unadzuka. Unagwanso.

Amayi anayamba kumasula pepala la buledi.

Misozi inalengeza m'maso mwa Phwiti.

Abambo anatsekula diso limodzi.

"Pepa, mwanawe," anatero. "Ndakulakwira. Tidzaphika ndikadzabwera."



"Mayi a Phwiti," anateronso Abambo, "wotchi yanga ya belu ili kuti? Indidzutse m'mamawa."

"Mukufunsa ine? Analongedza ndani?"

Abambo anakandanso mutu.

"Ndinaikulunga m'masokosi. Ndinaiika m'kanthu kolimba, kuti isasweke."

Phwiti anapukuta misozi. Anaganiza. Kanthu kolimba. Ketulo waiona kale. Ndowa waiona kale. Chinthu cholimba chatsala ndi chimodzi.

Poto sayankhula. Koma wotchi imayankhula.

"Chete!" anakuwa Phwiti. "Nonse khalani chete!"

Amayi anasiya buledi. Abambo anatsekula maso onse awiri. M'nyumba munangoti zii.

Anamvetsera.

Gulululu!

"Ndi mimba yanga," anatero Kamimba.

"Iwe, iuze ikhale chete."

Kamimba anagwira mimba ndi manja awiri.

Anamvetseranso. Galu uja anasiya kuuwa. Galimoto inadutsa, n'kupita.

Tiki. Tiki. Tiki.

Kanali kamawu kakang'ono kwambiri.

Phwiti anagwada. Anakwawa pang'onopang'ono. Anaika khutu pa katoni ya mabuku. Ayi, si umu. Anaika khutu pa sutikesi. Ayi, si umu.

Tiki. Tiki. Tiki.

Anakwawa mpaka pamapazi a Kamimba.

TIKI. TIKI. TIKI.

"Kamimba, taimirira."

"Ndatopa ine."

"Taimirira, iwe! Wakhalira chakudya."

Kamimba analumpha.

Phwiti anamasula mtolo uja. Anachotsa bulangete. Anachotsa bulangete lina. Anachotsa katani ya pazenera.

Poto uyu! Chivindikiro chinali chomanga ndi chingwe.

"Mkati muli chiyani?" anafunsa onse pamodzi.

Masokosi. Ndipo mkati mwa masokosi, wotchi.

Phwiti anakumbatira poto. Mtima wake unakhala pansi.

"Mwana uyu ndi wanga ndithu," anatero Abambo.

"Masokosi mu poto wanga!" anatero Amayi.

"Ndi ochapa, mayi a Phwiti."

"Ngakhale!"

Amayi anatsuka poto ndi sopo. Anamutsukuluza. Anamutsukanso.

Kenako ntchito inayamba.

Phwiti anatsuka mpunga pampopi. Madzi a nyumba yatsopano anali ozizira. Iye sanadandaule.

Abambo anadula anyezi pa chivindikiro. Anyezi anawalowa m'maso. Misozi inatsika. Tulo tonse tinathawa.

"Abambo akulira!" anatero Kamimba.

"Sindikulira. Ndikutsuka m'maso."

Amayi anayatsa chitofu. Moto unati bvuu! Anathira mafuta. Anaponya anyezi. Tswaa! Anaponya matimati. Tswaa! Anathira madzi ndi mchere. Anathira mpunga. Anatakasa, n'kuvindikira.

"Nanga mazira tiphikira muti?" anafunsa Phwiti. "Poto ndi mmodzi."

"M'ketulo," anatero Abambo. "Muli malo."

Ulendo uno Amayi sanatsutse. Anangoseka.

Poto anayamba kubwata. Ketulo inayamba kulira. Fungo la anyezi linadzaza m'nyumba. Linalowa kuchipinda. Linatulukira pazenera.

Tebulo linali lisanamangidwe. Miyendo yake inali kwina, thabwa lake kwina. Phwiti anakoka makatoni awiri. Anawagundanitsa. Anayala katani pamwamba.

"Tebulo ilo," anatero.

Amayi anakhala pa sutikesi. Abambo anakhala pa ndowa. Phwiti anakhala pa pilo. Kamimba anabwerera pa mabulangete ake.

"Mpando wanga wafupika," anadandaula.

"Wapita pamoto," anatero Phwiti.

Amayi anavundukula poto. Nthunzi inakwera mpaka pa babu. Anatapa pang'ono pa supuni. Anauzira.

"Bwana wolawa, tabwerani."

Kamimba analawa. Anatseka maso. Anatafuna. Onse anadikira.

"Sindinamve bwino," anatero. "Ndilawenso."

"Wabodza iwe! Mpunga wapsa kapena sunapse?" anafunsa Amayi.

"Wapsa!"

Amayi anapakula. Mbale ya Abambo. Mbale ya Phwiti. Mbale ya Kamimba. Mbale yawo. Phwiti anasenda mazira. Anali otentha. Anawaponya dzanja ili, dzanja ilo. Aliyense analandira dzira lake.

Anasamba m'manja. Anadya.

Kunkangomveka masupuni.

"Mchere wakwana," anatero Amayi.

"Anyezi anadulidwa bwino," anatero Abambo.

"Ndi mpeni wa m'jombo," anatero Phwiti.

Abambo anamaliza mbale yawo. Anapempha mpunga wina. Amayi anawawonjezera. Phwiti anawayang'ana akudya. Anawayang'anitsitsa. Ankafuna kuwaona mokwanira.

"Idya, mwanawe," anatero Abambo. "Uzizira."

Phwiti anadya mpaka kukhuta.

Kamimba anagona supuni ili m'manja. Amayi anamunyamula. Abambo anatchera wotchi yawo. Onse anagona msanga, pa matiresi, pakati pa makatoni.

Ngrrrrr!

Wotchi inalira. Kunja kunali kusanayere bwino. Phwiti anadzuka. Abambo anali atavala kale jombo. Amayi ankaika mpunga wotsala m'kontena.

"Uwu ndi wa panjira," anatero Amayi. "Muuike poonekera. Osati mkati mwa tayala."

"Ndamva, bwana," anatero Abambo.

Anatuluka panja. Kunkazizira. Msewu unali phee. Kutsidya, mayi wina ankasesa pakhonde pake. Galu uja anali pambali pake. Anali kagalu kakang'ono, kamiyendo yaifupi.

"Mwadzuka bwanji, aneba atsopano?" anatero mayiyo.

"Tadzuka bwino, kaya inu?" anayankha Amayi.

"Tadzuka. Dzulo kunabwera fungo lokoma kuchokera uko. Amaphika ndani?"

"Tonse," anatero Phwiti. "Kwathu timaphika tonse."

Abambo anamunyamula Phwiti m'mwamba. Anamutsitsa.

"Uwathandize amayi ako kumasula katundu."

"Ndiwathandiza."

"Zina sindikukumbuka kumene ndinaika."

"Ndizipeza, Abambo. Muyende bwino."

"Tsalani bwino, nonse."

Abambo anakwera. Analiza injini. Lole inanjenjemera. Inayamba kuyenda. Abambo anatulutsa dzanja pazenera. Phwiti anakweza manja onse awiri. Anabayibitsa mpaka lole inakhota pakona.

Sanalire. Anagwira dzanja la Amayi. Anabwerera m'nyumba.

Kukhitchini kunkamveka phokoso. Kwe, kwe, kwe.

Kamimba anali atadzuka. Anakhala pansi, poto ali pakati pa miyendo. Ankapala zotsalira ndi supuni.

"Iwe Kamimba!" anakuwa Phwiti. "Undisiyireko!"